Imelo Yopanda Mawu ya Mfumu Sindilakwa

M'dziko la Akutiakuti, lomwe likulu lake ndi Zikonzedwa, zinthu zinkayenda bwino kwambiri, makamaka pa wailesi. Misewu ya pa wailesi inali yosalala, zipatala za pa wailesi zinali ndi mankhwala mbwee, ndipo mvula ikachedwa, wailesi inkalengeza kuti yagwa kale, anthu ndi amene sanaione. Mwini dziko anali Mfumu Sindilakwa Wachitatu. Dzinali linali la pamtundu. Agogo ake analitenga chaka chimene anamanga mlatho pamalo popanda mtsinje, n'kulamula kuti mtsinjewo ufufuzidwe.

Mfumuyi inali ndi laputopu, mphatso yochokera kwa alendo ena amene anabwera kudzaona miyala ya m'phiri n'kubwerera kwawo ndi phiri lomwe. M'mawa uliwonse ikamamwa tiyi, inkatsegula maimelo ndi kuwerenga mayamikiro. Mayamikirowo ankalembedwa ndi Ofesi ya Mayamikiro, yomwe inali kuseri kwa khitchini ya kunyumba yachifumu komweko, koma Mfumu inkadabwabe tsiku ndi tsiku kuti anthu ake amaikonda chotere.

Lolemba lina inapeza imelo yachilendo. Mutu panalibe. Moni panalibe. Mawu, ngakhale kadontho kokha, panalibe. Dzina la wotumiza linali zilembo ndi manambala osokonekera ngati nkhuku yayenda pa mabatani. Mfumu inapukuta magalasi, inayang'ana pamwamba, inayang'ana pansi, mpaka inatembenuza laputopu kuti mwina mawu agwera kumbuyo. Munali mbee.

"Munthu walowa m'nyumba mwanga popanda odi," inatero Mfumu, "wandiyang'ana, n'kutuluka osanena kanthu. Itanani nduna!"

Tinene poyera apa, popeza ku Akutiakuti palibe amene ananena. Maimelo otere amatumizidwa ndi makina a akuba a kutali, kwa anthu miyandamiyanda nthawi imodzi, pofuna kuona khomo limene lili ndi munthu. Ukayankha, adziwa kuti ulipo. Mankhwala ake ndi kufufuta basi, n'kupitiriza kumwa tiyi. Koma ku Akutiakuti chinthu chaching'ono sichingachitikire munthu wamkulu. Ntchentche ikatera pa Mfumu imayenera kukhala yotumidwa.

Nduna zinafika zikupuma wefuwefu, n'kuzungulira laputopu ngati maliro.

"Mwini dziko," inayamba Nduna ya Zachuma, "uyu ndi mphawi chabe, akukuflashani. Mukudziwa mmene anthu athu amachitira pa foni, amaimba kamodzi n'kudula kuti wandalama ndiye aimbe. Uyu mawu amuthera, watumiza envelopu yokha."

"Ayi, ndi kachilombo aka," inatsutsa Nduna ya Zaumoyo, itagwira pamphuno. "Ndinamva kuti makompyuta amadwala. Tisayandikire kwambiri."

Pamenepo anadzuka a Chinkhuntha, Nduna ya Chitetezo, amenenso anali mlamu wa Mfumu. Za makompyuta ankadziwa chinthu chimodzi chokha, chakuti pogula pamakhala kangachepe. Koma mantha ankawadziwa bwino, chifukwa ndiwo unali munda wawo.

"Alamu, pepani, ndimati Mwini dziko," anatero a Chinkhuntha. "Munthu akakutukwana, umadziwa pamene wathera. Koma uyu sanayambe n'komwe. Ichi ndi chiwembu."

Mawu amenewa anaikomera Mfumu, chifukwa mfumu yopanda adani imaoneka ngati ya masewera. Inakokera laputopu pafupi n'kuyankha ndi chala chimodzi: "Ndiwe yani? Ukudziwa amene ukumuputa?" M'munsi inalemba dzina lake lonse, maudindo ake onse, nambala ya foni, ndi tsiku lobadwa, kuti mdaniyo anjenjemere.

M'mawa mwake maimelo opanda mawu anali atadzaza ngati ngumbi mvula itagwa.

Boma silinagone. Sing'anga wamkulu wa kunyumba yachifumu anatemera laputopu mphini m'makona onse n'kupakamo mankhwala akuda, ndipo kuyambira pamenepo mbali imodzi ya galasi sinkaonekanso, zomwe zinachepetsadi maimelo ndi theka. Nduna ya Zaumoyo inaifunditsa neti ya udzudzu. A Chinkhuntha anasintha pasiwedi ya Mfumu, n'kulamula kuti ilengezedwe pa wailesi m'mawa ndi madzulo, kuti nzika zokhulupirika ziidziwe ndi kuiteteza. Pasiwediyo inali dzina la Mfumu. Ana ankaiimba posewera fulaye.

Maimelo sanasiye. Ndiye panatuluka Lamulo Loletsa Zii. Wailesi inati: "Kuyambira lero kukhala chete ndi mlandu. Pepala lopanda mawu ndi chida choopsa. Khoma lopanda chithunzi cha Mwini dziko lipereke chifukwa. Aliyense wopezeka ndi chinthu chopanda kanthu akachipereke kupolisi."

Ku msika wa Gwiramthumba anthu anamvetsera lamuloli mwaulemu wonse.

"Ndiye thumba langali ndikalipereke lokha, kapena ndipite ndi thalauza lomwe?" anafunsa wogulitsa mazira.

"Yambani mwadikira, achimwene," anayankha mayi wa makala. "Mzere ndi wautali. Kutsogolo kuli mashelefu a kuchipatala."

Lamuloli linagwira ntchito. Ana amene ankasiya mayeso osalemba anatengedwa kukafunsidwa, amene analemba zamkutu anakhoza. Mabanja amene anakhala zaka mumtendere chifukwa chosalankhulana anayamba kulankhulana, ndipo ankhoswe anasowa tulo. Akuluakulu amati chetechete sautsa nyama, koma ku Akutiakuti anautsa boma lonse.

Komabe wotumiza sanapezeke, ndipo Mfumu inauza a Chinkhuntha kuti mwezi ukatha asanagwire munthu, abweze galimoto. Ndunayo sinachedwe. Inatenga apolisi n'kulunjika ku Gwiramthumba, chifukwa adani a boma, mwa mwambo, amapezeka kumene kuli anthu osauka.

Pakona ya msikawo, pafupi ndi ogulitsa nkhuni, pankakhala mmisiri wa zidebe ndi mbaula, dzina lake Nenani. Makolo anamutcha choncho chifukwa anabadwa osalira, azamba anachita kumutsina. Dzinalo silinathandize. Anakula ali duu, ndipo phokoso lonse limene ankapanga pa moyo wake linkachokera ku hamala. Mtengo wa chidebe ankauonetsa ndi zala. Ukanenerera ankangokuyang'ana mpaka iwe mwini uchite manyazi.

Mkazi wake, Nachanza, ankagulitsa kaunjika tsidya lina la msika, ndipo mawu ake ankamveka mpaka kudepoti ya basi. Anthu ankati Mulungu anapereka pakamwa pamodzi kwa anthu awiri. Nenani sanamufunsirepo ndi mawu. Nachanza ali mtsikana anabweretsa chidebe chodontha, Nenani anamata osalipiritsa. Anabweretsanso, anamatanso. Ulendo wina anabweretsa chidebe chopanda bowo, Nenani anachitembenuza, anachigogoda, n'kuchimata bwinobwino, ndipo onse awiri anadziwa kuti nkhani yatha. Nachanza ankamukalipira tsiku lililonse chifukwa cha pakamwa pomangika, koma ankamukonda koopsa, ndipo izi msika wonse unkazidziwa chifukwa iye mwini ankalengeza.

A Chinkhuntha anaima patsogolo pa Nenani n'kupereka moni. Nenani anagwedeza mutu. Ndunayo inaitana anansi ake a pamsika.

"Munthu uyu amati chiyani za Mfumu?"

"Sanena kanthu, bwana."

"Lembani," inauza wapolisi. "Nanga za boma amati chiyani?"

"Sanena kanthu."

A Chinkhuntha anatulutsa m'jekete imelo ija, imene anaisindikiza papepala kuti ikhale umboni. Anayang'ana pepala, anayang'ana Nenani, anayang'ananso pepala. Nkhope yawo inawala.

"N'chimodzimodzi," anatero. "Mawu ndi mawu. Mumangeni."

Nachanza anafika akuthamanga, malaya a kasitomala akadali paphewa.

"Bwana, kompyuta? Amuna angawa? Munthu amene foni yake ndi ya mabatani, yomanga ndi mphira, ndipo ikalira amandipatsa ine kuti ndiyankhe?"

"Akatswiri amatero, mayi," anayankha a Chinkhuntha. "Sasiya umboni."

Anamutengera kundende ya Ukapumeko. Chilango cha mlandu wochitira Mfumu chiwembu chinali kukhala kumeneko moyo wonse, ndipo zoti wina anapumako n'kubwerera sizinamvekepo. Nachanza analira tsiku limenelo, kulira kwenikweni, kopanda mawu, mpaka anzake anamukumbutsa za lamulo. Atapita kukamuona, anagwira zitsulo za pawindo n'kumuchonderera.

"Bambo a Ganizo, lankhulani. Mawa kubwalo nenani chilichonse. Nenani kuti mumakonda Mfumu, nenani kuti kunja kukutentha, bola pakamwa pagwedezeke. Ine sindingathe kukhala ndekha, mwamva?"

Nenani anaganiza nthawi yaitali, kenako anatsegula pakamwa. Nachanza anasendera pafupi.

"Chidebe cha a Nasoko," anatero Nenani, "chatsala chogwirira."

Mlandu unazengedwa pabwalo lalikulu, Mfumu ili pampando, wailesi ikuulutsa, anthu atadzaza mpaka m'mitengo. Nenani anakhala pabenchi, manja pamawondo. A Chinkhuntha anakweza pepala loyera lija kuti onse alione.

"Anthu osaphunzira akuona ngati palibe kanthu apa," anatero. "Koma ife a chitetezo tinaphunzira kuwerenga. Tamvani chipongwe cha munthu uyu. Pamzere woyamba apa, pamene sanalembepo kanthu, akunena kuti ndalama za msewu wa ku Dikirani zinamanga nyumba ya alendo ya Mwini dziko."

Bwalo linati zii, kenako linakumbukira lamulo, n'kuyamba kung'ung'udza.

"Pakatipa," anapitiriza a Chinkhuntha, atatenthedwa ndi luso lawo, "akuti feteleza wa alimi anasochera, n'kukapezeka m'munda wa Mfumukazi. Apa akuti mankhwala a kuchipatala amagulitsidwa ndi mphwake wa Mwini dziko. Ndipo m'munsimu, ndikuchita manyazi kuwerenga, akuti pamisonkhano ya kunja Mwini dziko amagona, n'kumaliza mkonono."

"Bwerezani, bwana, kumbuyo kuno sitinamve!" anafuula wina ali mumtengo.

"Koma a Nenani amalemba bwino," anatero mayi wa makala uja. "Zaka zonsezi tili nawo osadziwa."

Mfumu inali itatupa ngati finye. Thukuta linkatsikira m'kolala. Nachanza anaiyang'ana n'kuona zinthu ziwiri. Choyamba, pepalalo likakhala chipongwe, mwamuna wake wapita. Chachiwiri, kunena kuti pepalalo ndi lachabe sikungathandize, chifukwa pabwalo limenelo panalibe wamkulu amene akanavomera kuti ananjenjemera mwezi wonse ndi chinthu chachabe. Koma iyeyu anali wa kaunjika. Anali atagulitsapo thalauza long'ambika m'mawondo pamtengo wokwera, ponena kuti ndi mmene akuvalira kunja. Anadutsa pakati pa apolisi, anagwada, n'kuomba m'manja.

"Mwini dziko, ine ndine mkazi wa wolakwayu. Sindinapite patali ndi sukulu, ndiloleni ndingofunsa. Kwathu kuno, munthu akakupatsa nkhuku umati chiyani?"

Mfumu inadabwa, koma inkakonda mafunso amene ikudziwa mayankho ake.

"Umati zikomo."

"Akakupatsa mbuzi?"

"Zikomo kwambiri."

"Nanga akakupatsa ng'ombe, ndi khola lomwe, ndi mnyamata wobusa?"

Mfumu inakanda chibwano. "Pamenepo umangoti... ndasowa chonena."

"Ndi zimene zalembedwa papepalapo, Mwini dziko," anatero Nachanza. "Amuna angawa anaona zonse zimene mwachitira dziko lino, n'kusowa chonena. Si iwo okha. Tonse kumsika tikayang'ana misewu, tikayang'ana chipatala, timasowa chonena."

"Zoona!" linavomera bwalo lonse, ndipo chiyambire ufumu umenewo anthu sanavomerepo chinthu ndi mtima wonse ngati tsiku limenelo.

Nkhope ya Mfumu inayamba kusungunuka. Inaitanitsa laputopu, inachotsa neti, n'kuyang'ana maimelo aja ndi maso atsopano.

"Ndiye onsewa?" inafunsa. "Ena akuoneka ngati achokera kutsidya kwa nyanja."

"Mbiri yanu inafika kutali," anatero Nachanza. "Dziko lonse lapansi lasowa chonena."

Mfumu inapukuta msozi. Kenako inatembenukira kwa a Chinkhuntha.

"Ngati papepalapo pali mayamikiro, za msewu wa ku Dikirani zija mwaziwerenga pati? Za mkonono zija?"

A Chinkhuntha anatsegula pakamwa, koma nawonso anasowa chonena. Anthu anayembekeza kuti aona nduna ikupita ku Ukapumeko, koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mlamu wa Mfumu analangidwa pomusamutsira ku Unduna wa Nsomba, kumene kunali magalimoto awiri.

Pomwepo Lamulo Loletsa Zii linathetsedwa, ndipo Ofesi ya Mayamikiro inalamulidwa kuyankha imelo iliyonse yopanda mawu, kuthokoza, ndi kuikapo nambala ya akaunti ya boma pamodzi ndi pasiwedi, kuti ofuna kutumiza mphatso asavutike. Sabata isanathe akauntiyo inali yoyera ngati imelo ija. Akuti akuba a kunjawo anakhumudwa kwambiri, chifukwa anapeza kuti eni khomo anayamba kale kusesa.

Koma izi zinachitika pambuyo. Pabwalo paja, apolisi atamasula Nenani, Nachanza anamugwira dzanja n'kuyamba kumukoka.

"Tiyeni, bambo a Ganizo, tizipita asanasinthe maganizo."

"Taimani," inatero Mfumu. "Munthu wa luso lotere angabwerere kukamenya zitini? Ine ndakhala ndikufuna munthu woti aziyankha atolankhani popanda kundiika m'mavuto. Onse amene ndinawalemba amalankhula, ndipo akalankhula pamatuluka zinthu. Kuyambira lero, Nenani ndiye Mneneri wa Nyumba Yachifumu."

Ng'oma zinalira, amayi a chipani analuluta. Nachanza anagwadanso.

"Mwini dziko, zikomo, koma ine ndimangofuna apite kunyumba."

"Kunyumba kwake ndi kuno tsopano, mayi. Mneneri sagona kutali ndi pakamwa pa Mfumu."

Anamuveka suti pomwepo, pamwamba pa ovolosi, n'kumulowetsa m'galimoto ya magalasi akuda. Nachanza anatsala ndi hamala, imene apolisi anamubwezera chifukwa sinalinso umboni. Walira mvula walira matope. Atapita kuchipata cha nyumba yachifumu m'mawa mwake kuti aone mwamuna wake, mlonda anamuuza mwaulemu kuti ofuna kuonana ndi a Mneneri amayamba atumiza imelo.

Miyezi yoyamba Nenani anali mneneri wabwino kuposa onse amene dzikolo linakhalapo nawo. Atolankhani akafunsa kuti ndalama za boma zapita kuti, ankawayang'ana, n'kuyang'ana pansi. Wailesi inkangomveka kupuma kwake. Anthu m'misika ankagwedeza mitu n'kumati boma layamba kunena zoona. Nachanza ankakweza wailesi pabenchi la kaunjika n'kumauza makasitomala monyada kuti, "Tamverani, ndi amuna anga amenewo."

Koma mpando uli ndi mankhwala ake. Anthu ankamutsegulira zitseko, ankamunyamulira chikwama, ankaseka akatsokomola. Tsiku lina mtolankhani atafunsa za mitengo ya chimanga, Nenani anakonza tayi n'kunena kuti, "Boma likudziwa." Anamuombera m'manja, ndipo zinamukomera. Sabata yotsatira anati, "Komiti yakhazikitsidwa." Kenako zinangotseguka ngati mpopi woduka.

Loweruka lina madzulo Nachanza anafika kunyumba atatopa, anatula mtolo wa zovala pakona, n'kutsegula wailesi. Anali Nenani. Ankafotokoza kuti boma, mogwirizana ndi onse okhudzidwa, likuunikanso ndondomeko yokonzanso dongosolo lounikira ndondomeko, ndipo kuti palibe chifukwa chodera nkhawa, ndipo kuti amene akudera nkhawa akudziwika. Mawu ake anali okoma, okhuthala, osakakamira pena paliponse. Nachanza anakhala pansi n'kumvetsera mpaka tiyi anazizira, akufunafuna mwamuna wake m'mawu onsewo. Mtima unamuwawa kuposa tsiku limene anamumanga.

Anafika mayi wa makala, atamva wailesi ali panja.

"Mwamva, anzanga? Mumadandaula kuti salankhula. Lero ndi awo, sakupuma n'komwe."

"Ndamva," anatero Nachanza. "Ku Ukapumeko ndinkatha kukawaona."

Mayi wa makala atapita, Nenani anali akadali pa mfundo yachiwiri. Nachanza anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesi. M'nyumba munati zii. Anakhala momwemo osagwedezeka, kuopa kusokoneza, chifukwa chichokereni mwamuna wake aka kanali koyamba kumva ngati wabwera.